Amuna Opota Thonje a ku Chigwa cha Shire

M'chaka cha 1859, David Livingstone ndi anzake atakwera mtsinje wa Shire pa sitima yawo ya Ma Robert, anapeza ntchito imene ambiri a ife lero sitidziwa n'komwe kuti makolo athu ankaigwira. M'midzi ya Amang'anja, kuchigwa ngakhalenso kumapiri, zinali zosowa kulowa m'mudzi osapeza anthu ali pabwalo, ena akuchotsa njere m'thonje, ena akupota ulusi, ena akuwomba nsalu. Ambiri mwa iwo anali amuna. M'maiko ochuluka kupota ndi ntchito ya amayi, koma kuno bambo wapabanja ankakhala pamthunzi thonje lili m'manja, uku akumvetsera milandu ndi nkhani za m'mudzi.

Pafupifupi banja lililonse lodziwika linali ndi kamunda kake ka thonje. Minda yake sinali yaikulu, yambiri inali yosaposa theka la ekala, koma inali yopalira bwino moti alendowo anachita chidwi posaonamo tchire. Thonjelo linali la mitundu ingapo. Panali thonje manga, lobwera, la ubweya wautali, limene mtengo wake unkabereka zaka zitatu usanafune kubzala wina. Panalinso thonje kaja, la kuno komweko, la ubweya waufupi ndi lokhakhala pang'ono m'manja. Amalonda a ku Manchester ataona thonje manga analiyamikira kuti likufanako ndi thonje labwino la ku New Orleans. Eni ake ambiri ankakondabe thonje kaja, chifukwa nsalu yake inali yolimba. Iwo ankaliyesa thonje ndi zala zawo ndi zaka zimene nsalu yakhala pathupi, ndipo pamenepo sanalakwe.

Luso limeneli linali lakale kale Livingstone asanabadwe. Ku Mapungubwe, mzinda wa m'mbali mwa mtsinje wa Limpopo umene unali pachimake pakati pa 1220 ndi 1300, ndiponso ku Great Zimbabwe, akatswiri ofukula zakale apeza timagudumu tadothi tobowola pakati, tina tosema kuchokera ku mapale a miphika yosweka. Ntchito yake inali kulemeretsa kamtengo kopotera kuti kazizungulira nthawi yaitali. Ku Ingombe Ilede, kufupi ndi pamene Lusitu amathira mu Zambezi m'dziko la Zambia, anthu okumba maziko a thanki ya madzi mu 1960 anatulukira manda a anthu olemera a zaka pafupifupi 500 zapitazo. M'mandamo munali tizidutswa ta nsalu ta thonje timene sitinawole chifukwa tinagundana ndi zibangili zamkuwa.

Apwitikizi atakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1500, anapeza malonda a nsalu ali kale m'manja mwa eni dziko. Nsalu zokhuthala za thonje, zotchedwa machila, zinkawombedwa m'mbali mwa Zambezi ndi kumpoto kwake, m'dziko la Lundu ndi mafumu ena a Amaravi. Wansembe João dos Santos anazitchula m'buku lake lotuluka mu 1609. Amalonda ankazigula n'kupita nazo kumwera, kwa Akaranga a mu ufumu wa Mwenemutapa, kumene ankasinthanitsa ndi golide. Anthu okhala m'maesiteti a Apwitikizi m'chigwa cha Zambezi ankaperekanso nsaluzi monga gawo la msonkho wawo. Nsalu za ku India zinkabwera ndithu, zamaluwa ndi zopyapyala, koma kwa zaka zoposa 200 zinalephera kuthamangitsa machila pamsika, chifukwa munthu wolima ndi woyenda m'tchire ankafuna nsalu yosang'ambika wamba.

Tikamakamba za malonda otchuka ngati amenewa, n'kosavuta kuiwala kuti nsalu iliyonse inkayamba ndi munthu mmodzi, thonje lodzaza dzanja ndi kamtengo kopotera kamene akale ankakatcha njinga. Ndipo katswiri aliyense anayamba ali mbuli, ulusi ukumudukira. Chibadwa cha thonje sichinasinthe ndipo zala za munthu sizinasinthe, choncho zimene zinkavuta mnyamata wa kwa Chibisa, kufupi ndi Chikwawa wa lero, m'masiku amenewo ndi zomwezo zimene zingavute inu ndi ine titayesa lero.

Ntchito yoyamba ndi kuchotsa njere. Ena ankazitong'ola ndi zala imodzi imodzi. Ena ankayala thonje pakathabwa kosalala n'kumaligubuduzira kachitsulo kozungulira, akukanikiza ndi zikhatho, mpaka njere zitathawira kutsogolo ubweya n'kutsala m'mbuyo. Imeneyi ndi ntchito yoti ngakhale mwana angathe, ndipo ndi mmene zala zimayambira kulidziwa thonje. Wochotsa njere amaphunzira kusiyanitsa thonje lokhwima ndi lanthete, louma ndi lachinyezi, loyera ndi lodyedwa ndi mbozi. Akachita mwankhanza amaphwanya njere, makoko ake n'kusakanikira mu ubweya, ndipo kachikoko kalikonse kadzakhala chotupa pa ulusi kutsogoloko.

Njere zikachoka, thonje amalimasula ndi zala mpaka litafufuma, lopanda mfundo, kenako amalikoka pang'onopang'ono kukhala mzere wautali wofewa umene sunapotedwe. Oyamba kumene amafuna kudumpha gawo limeneli chifukwa mtima umakhala uli pa njinga. Koma thonje lomasula bwino limatsetsereka lokha m'zala, pamene lomasula mwaulesi limakakamira, munthu n'kumalimbana nalo tsiku lonse n'kumaimba mlandu njinga yosalakwa.

Njingayo payokha si chinthu chodabwitsa. Ndi kamtengo kowongoka, kopepuka, kosongoka, kokhala ndi kagudumu ka phale, ka mtengo kapena ka chipanda. Chofunika n'chakuti bowo likhale pakati penipeni, apo ayi njinga imavina pozungulira ndipo imaima msanga. Ya thonje iyenera kukhala yopepuka kusiyana ndi yopotera ubweya wa nkhosa. Chifukwa chake chili mu thonje lenilenilo: kaubweya kamodzi kamangotalika masentimita 2 kapena 3, ndipo ka thonje kaja n'kakafupi kuposa apo. Tiubweya timeneti tilibe ulimbo wotigwirizanitsa. Chimene chimatigwira n'kupotana kokha, tikapanikizana tokhatokha. Njinga ikalemera, imakoka mzerewo usanapotane mokwanira, ndipo umangothothoka.

Apa ndiye pagona ntchito yonse. Dzanja lamanja limazunguza njinga, kaya poifikisa pantchafu kaya poipotokola ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala. Dzanja lamanzere lagwira thonje, ndipo zala ziwiri zatsina pamalire a ulusi wopotedwa kale ndi thonje losapota. Kupotako kumakwera mu ulusi kuchokera ku njinga mpaka kudzaima pa zala zotsinazo. Wopota amakoka thonje pang'ono, kulipyapyalitsa kufika pa kukula kumene akufuna, kenako amamasula zala kuti kupota kulowe m'gawo limene wakokalo. Mukayang'anitsitsa mumaona kansonga ka thonje loyera, kotambalala kumtunda ndi kosongoka kumunsi, kakumezedwa mu ulusi pamaso panu. Kansonga kameneko ndi kamene wophunzira ayenera kukayang'ana, osati njinga.

Zolakwa za woyamba zimadziwika. Akakoka msanga kupota kusanafike, ulusi umangolekana mwakachetechete, njinga n'kugwa pansi. Akamasula zala mochedwa, kupota kumachuluka pamalo amodzi, ulusi umapiringizika, kenako umaduka. Akamasula kwambiri, kupota kumathawira m'thonje lonse lili m'manja, limauma gwa, osakokekanso. Thukuta la m'manja nalo limaumbitsa thonje, makamaka kotentha ngati ku Nsanje, ndipo wophunzira amatuluka thukuta kwambiri poti amafinya thonje ndi mantha. Phunziro lovuta kulilandira ndi lakuti dzanja logwira thonje liyenera kukhala lolefuka. Munthu amaganiza kuti akagwiritsa ndiye zimuyendera, pamene kugwiritsako ndi kumene kukumulepheretsa.

Pali njira imene imathandiza aliyense woyamba, ndiyo kupatula ntchito ziwirizi. Azunguze njinga mpaka ulusi utadzaza kupota, aiimitse poipanikiza pakati pa maondo, ndiyeno ndi manja onse awiri akoke thonje modekha, kupota kuja kukukwera kokha. Kukatha, azunguzenso. Ulusi ukatalika kufika pamene mkono walekeza, aukulunge pa njinga pamwamba pa kagudumu, nthawi zonse mbali imodzimodzi, osaulekerera kuti ukhwepe. Akasokoneza mbali yozunguzira, amamasula zonse zimene wapota. Ukaduka asamange mfundo: amasule nsonga yake kuti ichite ubweya, aigoneke pa thonje latsopano, azunguze, ndipo ziwirizo zimalumikizana popanda chipsera. Pakapita masiku, manja amayamba kuchita zonsezi pamodzi osadikira kuti mutu uwauze.

Amang'anja anali ndi nzeru ina imene ine ndimaiona kuti ndi yakuya. Sankafuna kumaliza ulusi ulendo umodzi. Poyamba ankapota mopepuka, ulusi n'kutuluka wonenepa ngati chingwe cha koloboyi. Ankauchotsa pa njinga n'kuukulunga mpukutu waukulu. Kenako ankaubwezeranso pa njinga kachiwiri, akuukoka ndi kuupota zolimba mpaka utakhala ulusi woti n'kuwombera. Livingstone ataona zimenezi anadandaula kuti ntchitoyo ndi yochedwa kwambiri. Yochedwa inalidi. Koma thonje la ubweya waufupi silifuna liwiro, ndipo kupota kawiri kumapereka mpata wokonza potupa ndi popyapyala. Kumaperekanso malo kwa wophunzira, chifukwa kupota koyamba sikufuna dzanja lozolowera ngati kwachiwiri. Ntchito yogawika chonchi imalola mwana kulowamo pang'onopang'ono, ali pambali pa amalume ake kapena bambo ake, popanda wina kumuuza kuti lero ndi tsiku la phunziro.

Ulusi ukakwanira, wowomba ankakhoma zikhomo pansi, kuyala ulusi wa m'litali pakati pa mitengo iwiri, n'kumapititsa wa m'mimba mwake uku ndi uku, akuutsendera ndi thabwa. M'buku la ulendo wa ku Zambezi limene Livingstone ndi mng'ono wake Charles anatulutsa mu 1865 muli chithunzi cha wowomba wotere, atakhala pambali pa nsalu yake akusuta kaliwo wamkulu. Kulikonse kumene anthu amawomba ndi manja, kupota kumadya nthawi yochuluka kuposa kuwomba, ndipo wowomba mmodzi amafuna ulusi wa anthu angapo. N'chifukwa chake opota ankaoneka paliponse. N'chifukwa chakenso nsalu inali chuma. Amene analibe ankavala chiwondo, chosula kuchokera ku khungwa la mombo, kapena zikopa.

Zonsezi zinagwa m'zaka zochepa, ndipo kagwedwe kake n'komvetsa chisoni. Nthawi zambiri timangomva kuti nsalu za azungu zinabwera zotchipa, anthu n'kusiya kuwomba. Zoona zilimo, koma si zonse. Makina opotera anali atayamba ku England zaka pafupifupi 100 m'mbuyomo, a James Hargreaves cha m'ma 1764, a Richard Arkwright mu 1769 ndi a Samuel Crompton mu 1779, ndipo nsalu ya merikani yochokera ku America inali ikufika ku Zanzibar kuyambira m'ma 1830. Komabe mu 1859 Amang'anja anali akupotabe. Chimene chinathyola msana wa ntchitoyi chinali kutha kwa anthu.

Kuyambira 1861, nkhondo zogwira akapolo zinakula. Kumapiri kunali magulu a Ayao, kumunsi kunali asilikali a Paul Mariano, amene anthu ankamutcha Matekenya. Midzi inatenthedwa, anthu anathawira m'mabango ndi pazilumba, minda inasiyidwa. Pamwamba pa izo kunagwa chilala cha 1862 ndi 1863. Amishoni a UMCA, amene anali atasamuka ku Magomero n'kudzakhala kwa Chibisa, kufupi ndi Chikwawa wa lero, analemba za mitembo yoyandama mu Shire ndi midzi yopanda munthu. Wolemba mbiri wa ku Malawi konkuno, Elias Mandala, m'buku lake la 1990 lonena za Chigwa cha Shire, anafotokoza mmene zaka zimenezi zinasinthira ntchito ndi ulamuliro m'chigwachi. Katharine Frederick, amene mu 2020 anatulutsa buku la kutha kwa ntchito yowomba kum'mawa kwa Africa, anatsindika mfundo yakuti kuchepa kwa manja ogwira ntchito kunapweteka kwambiri kuposa kubwera kwa nsalu zakunja. Ndikugwirizana nawo. Luso lokhala m'zala limafuna mkulu ndi mwana akhale pamodzi mwamtendere kwa zaka. Mkulu akafa ndi njala, mwana n'kugwidwa ukapolo, palibe buku limene lingasunge zimene zinali pakati pawo.

Otsala anapeza dziko lasintha. Amakololo amene anabwera ndi Livingstone, monga Kasisi, Chipatula, Maseya ndi Katunga, anakhala mafumu a m'chigwa. Amuna ochepa amene analipo anafunika kumunda, ku ulenje wa njovu ndi kulima chitowe ndi mtedza zogulitsa kunyanja ya mchere. Kampani ya African Lakes, imene timaidziwa kuti Mandala, inayamba mu 1878, sitima zake zikubweretsa mipukutu ya nsalu. Munthu akawerengera masabata opota ndi kuwomba, n'kuyerekeza ndi dengu la chitowe logulira nsalu yomweyo, yankho linali poyera. Sindingawadzudzule. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, owomba anali atatsala owerengeka.

Livingstone mwiniwake sanabwere kudzateteza opota. Maso ake anali pa thonje losapota. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti Africa ikamagulitsa thonje ku mafakitale a ku Lancashire, ukapolo utha, kuno ndi ku America komwe, kumene anthu pafupifupi 4 miliyoni anali akapolo mu 1860, ambiri m'minda ya thonje. Cholinga chinali chabwino, koma m'maganizo amenewo mlimi wa kuno anali woti azilima basi, kupota n'kusiyira makina a kutsidya kwa nyanja. Boma la atsamunda litakhazikika mu 1891, linatsata njira yomweyo. Msonkho wa nyumba unafuna ndalama. Bungwe la British Cotton Growing Association, lokhazikitsidwa ku Manchester mu 1902, linamanga majinale m'chigwa, ndipo njanji yolumikiza Port Herald, imene lero ndi Nsanje, ndi Blantyre inatha mu 1908. Mbewu zatsopano zochokera ku Egypt ndi ku America zinagawidwa. Malamulo anayamba kufuna kuti mitengo ya thonje izizulidwa ndi kutenthedwa chaka chilichonse pofuna kupha tizilombo. Lamulolo lili ndi nzeru zake, ndipo lilipo mpaka lero, koma silinasiye malo a mtengo wa thonje wokhalitsa kuseri kwa nyumba, woti munthu azithyolako akafuna ulusi.

Chigwa cha Shire chinakhala nkhokwe ya thonje ya Nyasaland. Alimi anapezako ndalama m'zaka za m'ma 1920, kenako mitengo inagwa m'ma 1930, ndipo chakumapeto kwa zaka zomwezo madzi a Shire anakwera n'kumiza madimba ambiri. Dziko litalandira ufulu, fakitale ya David Whitehead and Sons inatsegulidwa ku Blantyre m'zaka za m'ma 1960, ndipo ADMARC, imene inayamba mu 1971, inkagula thonje kwa alimi. Kwa kanthawi Amalawi anavala nsalu ya thonje lawo, yopotedwa ndi kuwombedwa m'dziko lawo, ngakhale kuti ndi makina. Fakitaleyo inagulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003, nthawi imene kaunjika anali atadzaza kale misika. Lero mlimi wa ku Chikwawa, Balaka kapena Salima amatola thonje, amalisankha, amalisindira m'ziguduli, amalikweza pa sikelo, ndipo lambiri limatuluka m'dziko lisanapotedwe. Angathe kulima thonje moyo wake wonse osaonapo mmene limasandukira ulusi.

Kwina sizinathe chonchi. Ku Ethiopia amayi akupotabe thonje ndi manja m'makomo mwawo, owomba n'kupangira nsalu zoyera zimene anthu amafunda popita kutchalitchi ndi kuukwati. Ku India, Mahatma Gandhi anaika kupota pakati pa nkhondo yomenyera ufulu, ndipo maphunziro amene anawakhazikitsa pamsonkhano wa ku Wardha mu 1937 ankayambitsa ana aang'ono ndi kanjinga ka m'manja kotchedwa takli. M'maiko onse awiriwa mafakitale alipo, koma wofuna kuphunzira amapeza womuonetsa.

Sindikunena kuti njinga ya m'manja ingaveke anthu oposa 20 miliyoni, kapena kuti ingakweze mtengo wa thonje pamsika. Sizingatheke, ndipo wonena zimenezo akunamiza alimi. Chimene chimandipweteka n'chakuti ana athu amaphunzira za Livingstone m'kalasi koma samva kuti anthu amene iye anawapeza anali ndi ntchito ya nsalu yotchuka mpaka kutsidya kwa Zambezi. Amakula akuganiza kuti nsalu ndi chinthu chimene chimachokera kunja basi. Mwana amene wapotapo ulusi ndi zala zake, ngakhale wotupatupa, sangaganizenso choncho, ndipo akamva za machila adziwa kulemera kwa ntchito imene inali m'kati mwake.

Zofunika kuti munthu ayambe zili m'mudzi uliwonse wolima thonje: kamtengo kowongoka ka nsungwi, phale loti n'kulinola pamwala mpaka litazungulira n'kulibowola pakati, ndi thonje louma bwino. Aphunzitsi a m'masukulu a ku Nsanje ndi Chikwawa angathe kuchita zimenezi ndi ana awo popanda kupempha ndalama kwa aliyense. Ngati kwanu kuli agogo amene anaonapo makolo awo akupota kapena akuwomba, pitani mukakhale nawo pansi, muwafunse mayina a zipangizo, mmene ankagwirira ndi mbali imene ankazunguzira, ndipo mulembe kapena muwajambule pa foni akadali moyo. Ndipo inu alimi, nyengo yotola ikafika, musanapite nalo lonse ku sikelo, patulani kathumba kamodzi ka thonje loyera bwino mupatse ana ayese.